Tsiku Limene Ndidatsutsa Apongozi Paphiri

Amayi anzanga, nkhani imene ndakutengerani sabata ino ndi ya kumapiri a ku Scotland, dziko limene ndakhalamo zaka zoposa 20 ndikugwira ntchito ya unamwino. Ena mwa inu muli ndi ana ndi adzukulu amene akukulira m'maiko ozizira, ndipo tsiku lina adzakutsanzikani kuti akupita kukasewera pa chipale chofewa kumapiri. Ena simudachionepo chipalecho ndi maso anu, koma mukudziwa bwino lomwe m'mene pakamwa pamalemerera munthu akafuna kuuza mkamwini wake kuti walakwa. Nonsenu ndikupemphani kuti mundimvere mpaka kumapeto, pakuti zinthu ziwirizi zidandigwera tsiku limodzi.

Ndiyambe ndafotokoza za masewerawo. Munthu amavala nsapato zolimba zimene amazilumikiza ku timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, natsetsereka pa chipale atagwira ndodo ziwiri. Anthu ambiri amasewera m'malo okonzedwa, monga a paphiri la Cairn Gorm pafupi ndi tauni ya Aviemore, kumene kuli makina okwezera anthu pamwamba ndiponso antchito amene amayendera malowo natseka njira zoopsa. Koma alipo ena amene amachoka m'malo otere nalowa m'mapiri mwenimweni, kopanda mpanda ngakhale mlonda. Pokwera amamata nsalu zaubweya kunsi kwa ski. Ubweya wake udagonera kumbuyo, kotero kuti ski imapita kutsogolo koma kubwerera imakana. Akafika pamwamba amamatula nsaluzo natsetsereka. Kumeneko kulibe munthu wokuuzani kuti apa mpabwino, apa mpoipa. Woweruza ndinu nokha.

Mwana wanga wamkazi adabwera kuno ali ndi zaka 7, ndipo ski adaiphunzira kusukulu monga momwe ife tidaphunzirira fulaye ndi phada. Ine ndidaiphunzira nditapitirira zaka 40, chifukwa chotopa ndi kumudikira m'galimoto. Ndidagwa kosawerengeka, koma m'kupita kwa nthawi ndidayamba kutsetsereka ngati munthu. Mwanayo atakula adakwatiwa ndi mnyamata wa konkuno, waulemu ndi wofatsa, amene wayenda m'mapiri amenewa chiyambire ubwana wake. Iye amanditchula kuti Amayi, ndipo ine, monga mwa mwambo wathu, ndimati apongozi, ndi kuwapatsa ulemu wawo wonse. Awiriwa atayamba kumalowa m'mapiri Loweruka lililonse, mtima wanga sunkakhala m'malo. Ndinkangoyang'ana pazenera mpaka galimoto yawo itatulukira.

Tsiku lina mwana wanga adandiuza kuti, "Amayi, mantha anuwa ndi a munthu amene sakudziwa chimene akuopa. Tiyeni mukachione, kuti mukamaopa muziopa choyenera kuopedwa." Adandilipirira maphunziro a masiku awiri a kaonedwe ka chipale. Ndidapita monyinyirika, koma lero ndikuthokoza.

Chimene ndinkaopacho eni ake amachitcha avalanche, ndipo ife tingati chigumukire cha chipale. Amene mukukumbukira Napolo wa ku Phalombe mu 1991 mukudziwa tanthauzo la mbali ya phiri kunyamuka ndi kutsikira pa anthu. Kusiyana kwake nkwakuti Napolo sadzutsidwa ndi munthu, pamene chigumukire cha chipale kawirikawiri chimadzutsidwa ndi mwini tsokayo. Pa anthu 10 alionse amene chimawakokolola, pafupifupi 9 amakhala atachiyambitsa okha kapena chitayambitsidwa ndi mnzawo wa paulendo womwewo. M'masekondi ochepa chimatha kuthamanga makilomita oposa 100 pa ola, ndipo chikaima chimauma gwa, kotero kuti wokwiriridwa sangasunthe ngakhale dzanja. Musanyengedwe ndi kufupika kwa mapiri a kuno. Cairn Gorm ndi lalitali mamita 1,245, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa, amene ndi mamita 3,002. Koma pa 19 January 2013 anthu anayi adafa ndi chigumukire pa Bidean nam Bian ku Glencoe, ndipo pa 14 February chaka chomwecho ena atatu adafera pa Chalamain Gap, kanjira kopapatiza ka m'mapiri a Cairngorms omwewa.

Mphunzitsi wathu adali mayi wamfupi, wa imvi, wosachulutsa mawu. M'mawa wa tsiku loyamba adatipatsa mafosholo natiuza kuti tikumbe dzenje m'chipale. Titakumba adasalaza khoma la dzenjelo, nalisisita ndi golovesi, ndipo padaoneka mizere yopingasa ngati ya njerwa. Apo mpamene ndidadziwa kuti chipale chimene chimaoneka chimodzi pamwamba chili ndi miyalo yambiri m'kati mwake. Muyalo uliwonse ndi mbiri ya tsiku lake. Adatilozera wina wolimba ngati galasi natiuza kuti imeneyo ndi mvula imene idagwa masabata atatu m'mbuyomo niundana. Pamwamba pake padali wina wofewa wa masiku ozizira, ndipo pamwamba penipeni padali wina wothinana umene mphepo idabweretsa dzulo lake. Kulimba kwa muyalo amakuyesa ndi dzanja. Umene mungalowetsemo chibakera ndi wofewa kwambiri. Wolimbirako umalola zala zinayi, wina chala chimodzi, wina pensulo, ndipo wolimbitsitsa umalola mpeni wokha. Choopsa nchakuti muyalo wolimba ukhale pamwamba pa wofewa.

Muyalo wofooka umapangika mwakachetechete. Nthaka ya pansi pa chipale imakhala pafupifupi madigiri 0, pamene mpweya wa pamwamba, makamaka usiku wopanda mitambo, umazizira kwambiri kuposa pamenepo. Kusiyanako kukafika digiri 1 pa masentimita 10 alionse, nthunzi imayenda m'kati mwa chipale kuchoka kofunda kunka kozizira, nisandutsa timibulu take kukhala tangodyangodya tosagwirana. Mphunzitsi adatapa pang'ono nandiika m'manja. Tidali ngati shuga, ndipo nditayesa kutiumba tidangoyoyoka. Nthawi zina usiku wa bata umasiya pamwamba pa chipale chisanu chonga nthenga, chokongola zedi dzuwa likawala. Chipale china chikagwa pamwamba pa shuga kapena nthenga zimenezi, zimakwiririka osafa, ndipo zimatha kukhala pansipo masabata angapo zikudikira wozipondaponda.

Tsono ku Scotland mmisiri wamkulu wa tsoka limeneli ndi mphepo. Pa 20 March 1986, pamwamba pa Cairn Gorm padayesedwa mphepo ya mamailosi 173 pa ola. Mphepo imasesa chipale kumbali imene ikuomba nikachiunjika kuseri kwa phiri, monga mayi amasesera pabwalo naunjika zinyalala mbali imodzi. Pochiuluza imachipera kukhala chosalala ngati ufa woyera, ndipo chikakhazikika chimathinana nkukhala chimene amisiri omanga nyumba angachitche silabu. Chifukwa chake phiri lingathe kuipa ngakhale kumwamba sikudagwe kanthu kwa masiku angapo. Silabu yotere imaoneka yombuwa ngati choko, ndipo mukaiponda nthawi zina imamveka ngati pansi pake mpamphako. Tangoganizani chitseko chimene chagonekedwa pa mikanda, pamalo otsetsereka. Chingakhale pomwepo tsiku lonse osasuntha, koma munthu akachiponda pamalo oyenera, mikanda ija imagubuduka ndipo chitseko chonse chimanyamuka pamodzi, iye ali pamwamba pake.

Mphunzitsi adatiuzanso kuti chipale nchovuta kuchidziwa, koma kapendekeke ka phiri sikanama. Zigumukire zambiri za silabu zimayambira pamitsetse ya madigiri 30 mpaka 45, imene ndi yomweyo imakoma kutsetserekapo. Pamtsetse wosafika madigiri 30 sizimayamba kawirikawiri, koma munthu ayenera kuyang'ana chimene chili pamwamba pake, pakuti angakhale pamalo abwino koma pansi pa malo oipa. Ayeneranso kuyang'ana kumene angakathere atakokololedwa. Mtsetse wothera m'khwawa lopapatiza uli ngati mbuna, chifukwa chipale chonse chimakaunjikana m'menemo, ndipo ngakhale chigumukire chaching'ono chimakwirira munthu mozama. Palinso chipale chimene mphepo imamanga m'mphepete mwa phiri, chotulukira kunja ngati denga la khonde lopanda nsanamira. Ochiona ali pansi amachidziwa, koma woyenda pamwamba amayesa kuti akuponda nthaka.

Asanachoke pakhomo, woyenda m'mapiri amawerenga chenjezo la tsikulo. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service, limene ntchito yake idayamba mu 1988, limatumiza anthu m'mapiri tsiku ndi tsiku kuyambira pakati pa December mpaka pakati pa April, m'madera 6: Northern Cairngorms, Southern Cairngorms, Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh ndi Torridon. Iwo amakumba, amayesa, ndipo amalengeza kukula kwa ngozi pa makwerero 5 amene maiko a ku Ulaya adagwirizana mu 1993. Amanenanso mbali za phiri zimene zaipa ndi kutalika kumene kuipako kukuyambira. Khwerero 1 ndi ngozi yochepa, khwerero 5 ndi yoopsa kopambana. Munthu wosadziwa angayese kuti 3 ndi wapakatikati, wosadetsa nkhawa. Koma a bungwe lofufuza za chipale la SLF ku Davos, m'dziko la Switzerland, amanena kuti pafupifupi theka la anthu amene amafa ndi chigumukire amafa pa khwerero lomweli. Pa 4 ndi 5 anthu amakhala kunyumba, pamene pa 3 phiri limaoneka labwino ndithu, ndipo limaitana.

Tsiku lachiwiri tidaphunzira kufukula mnzathu. Aliyense amavala pachifuwa kawailesi kamene kamatumiza chizindikiro pa 457 kHz, ndipo m'chikwama amanyamula fosholo ndi ndodo yaitali yopindika yofufuzira. Wina akakwiririka, otsala amatembenuza mawailesi awo kuti azilandira chizindikiro chake, namulondola, namubaya ndi ndodo kuti adziwe kuya kwake, nayamba kukumba. Monga namwino, manambala ake adandilasa mtima. Kafukufuku wa ngozi za ku Switzerland amene adafalitsidwa mu 1994 adaonetsa kuti mwa anthu ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, oposa 90 pa 100 adali amoyo, koma pofika mphindi 35 amoyo adali pafupifupi 30 pa 100 okha. Ambiri amafa ndi kubanika, ena ndi kumenyetsedwa m'miyala. Helikopita singafike m'nthawi yochepa chotero. Mphunzitsi adakwirira chikwama chokhala ndi kawailesi natiuza kuti tichipeze. Ine ndidachitulutsa patapita mphindi 14, ndili wefuwefu, manja akunjenjemera, ndipo chidali chosakwana ndi mita imodzi yomwe kuya kwake. Ndidaganiza za mwana wanga ali m'malo mwa chikwamacho, ndipo ndidazindikira kuti zipangizo zimenezi nzofunika zedi, koma kudalira izo nkudalira mwayi.

Tsopano ndifike pa tsiku lija. Lidali Loweruka la mwezi wa February, chaka chotsatira. Kwa sabata yathunthu kudali kozizira kopanda mitambo, kenaka Lachinayi ndi Lachisanu kudagwa chipale ndi mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakumadzulo. Chenjezo lidali pa 3 kumbali zoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa, kuyambira mamita 900 kunka m'mwamba. Madzulo a Lachisanu tidayala mapu patebulo la kukhitchini, ndipo tidagwirizana kuti tikwere motsata msana wa phiri, umene ndi wotakata ndi wosatsetsereka kwambiri, ndi kubwerera momwemo. Koma apongozi adaloza chigwa china choyang'ana kumpoto chakum'mawa nanena kuti chikakhala bwino tingadzatsikire m'menemo. "Tikaona komweko," adatero. Tonse tidavomera. M'mawa mwake, tili m'galimoto, tidabwereza pangano limene iwo eni adatiphunzitsa, lakuti mmodzi akakana, tonse tabwerera, popanda kufunsana zambiri.

Kunja kudacha bwino zedi. Kumwamba kudali mbee, koma pansonga za mapiri chipale chinkafuka ngati utsi, kusonyeza kuti mphepo idali isanamalize ntchito yake. Pamsana wa phiri padali pometedwa, miyala ili poyera, ndipo ski zinkangokhwekhwereza pa madzi oundana. Apongozi adali patsogolo, mwana wanga pakati, ine pambuyo patali ndithu, pakuti ndimayenda pang'onopang'ono. Titatsala pang'ono kufika pamwamba, njira idadzera pa kadambo kosalala kuseri kwa kachitunda, pamene chipale chidaunjikana. Ndili pakati pa kadamboko ndidamva kuti vuu! pansi pa mapazi anga, ngati munthu waomba ng'oma yaikulu kamodzi m'kati mwa nthaka. Chipale chonse chondizungulira chidatitimira pang'ono, mwina chala chimodzi, ndipo mng'alu udathamanga kuchokera kunsonga ya ski yanga mpaka mamita asanu kapena kuposa. Pamalopo padali pafulati, kotero palibe chimene chidagumuka. Anzanga aja sadamve kanthu chifukwa cha mphepo.

Phokoso limenelo ndidalidziwa, pakuti mphunzitsi adatiuza za ilo. Ndi muyalo wofooka ukuphwanyika pansi pa silabu, mpweya nkutuluka. Iye adatiwerengera zizindikiro zimene munthu sayenera kukangana nazo: chigumukire chimene changochitika pafupi, phokoso lotere, ming'alu yothamanga, chipale chambiri chatsopano kapena chouluzidwa ndi mphepo, ndi kufunda kwadzidzidzi kapena mvula. Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi nthawi zina chimaimba, ndipo chidaimbira ine ndekha.

Nditawapeza, adali ataima pamwamba pa chigwa chija. Amayi anzanga, kukongola kwake sindingathe kukufotokozerani. Chidali chosalala ngati nsalu yoyera yongosita kumene, popanda phazi la munthu. Mtsetse wake udali wa madigiri pafupifupi 35, ndipo kumunsi unkathera m'khwawa la kamtsinje. Apongozi adali atayamba kale kukumba dzenje pa kamtunda kakang'ono ka pambali, koyang'ana mbali yomweyo. Adacheka chipilala cha chipale cha masentimita 30 mbali zonse, naika fosholo pamwamba pake, nayamba kuimenya monga mwa lamulo lake: kakhumi ndi dzanja lokha, kakhumi kuchokera m'chigongono, kakhumi kuchokera m'phewa. Chipilala chikathyoka msanga, ndiponso mosalala, ndiye kuti pansi mpoipa. Ichi chidapirira mpaka kumenya kwa 26, ndipo chidathyoka mokhakhala. Nkhope yawo idawala. "Chagwirana bwino," adatero. "Titsike mmodzimmodzi, ine ndiyamba." Kumbuyo kwathu kunkabwera anyamata ena awiri, nawonso maso ali pachigwa chomwecho.

Pamenepo mtima wanga udagawanika. Ndidadzifunsa kuti, kodi ine ndani? Munthu uyu wayenda m'mapiri zaka 30, ine maphunziro anga ndi a masiku awiri. Wakumba, wayesa, ndipo wapeza yankho. Mwina chimene ndidamva chidali cha pakadambo pokha paja. Ndiponso inu mukudziwa m'mene tidaleredwera. Mayi satsutsana ndi mkamwini maso ndi maso. Akakhala ndi mawu amadzera mwa mwana wake. Choncho ndidakokera mwana wanga pambali ndi kumunong'oneza m'Chichewa. "Mwana wanga, kawauze amuna ako kuti kumusi kuja chipale chidalira pansi panga, ndipo chidang'ambika. Ine mtima wanga ukukana."

Adandiyang'ana, ndipo ndidaona kuti nkhope yake yasintha. Koma adayankha kuti, "Amayi, mwamva ndinu, mwaona ndinu. Ndikanena ine adzayesa kuti ndikungokutetezani chifukwa mwatopa. Auzeni nokha."

Apongozi adali atamanga kale nsapato zawo. Ndidasendera pafupi, ndipo mawu adatuluka onjenjemera. "Pepani apongozi, ndikudziwa kuti inu mapiri awa mukuwadziwa kuposa ine. Koma pakadambo paja chipale chidatitimira ndi phokoso, ndipo mng'alu udathamanga kuchokera ku ski yanga. Ine m'chigwamu sinditsika, ndipo ndikupempha kuti nanunso musatsike."

Adakhala chete. Kenaka adandifunsa mafunso atatu: pamalo pati, mng'aluwo udatalika bwanji, ndipo phokosolo lidamveka kangati. Nditayankha adayang'ana chigwa, nayang'ana dzenje lawo, nayang'ananso chigwa. "Tidapangana m'galimoto," adatero, ndipo adatembenuka. Tidabwerera momwe tidadzera, pamsana wa miyala ndi madzi oundana, ndipo m'malo ena tidachita kuvula ski ndi kuyenda pansi. Udali ulendo wosakoma ndi pang'ono pomwe.

Mwina mukuyembekeza kuti ndikuuzeni kuti chigwa chija chidagumuka ife titangochoka. Sichidagumuke. Anyamata awiri aja tidawachenjeza, koma adatsika, ndipo tili kumunsi tidaona mizere yawo iwiri yokhotakhota bwino kuyambira pamwamba mpaka m'khwawa. Adafika pamalo oimika galimoto ife tisanafike, akuseka. M'galimoto mwathu mudali zii mpaka kunyumba, ndipo ine manyazi adandigwira, poganiza kuti ndawalanda ana tsiku labwino chifukwa cha mantha a ukalamba.

Koma ndalingalira nkhani imeneyi kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kuti muimvetse. Mtsetse woipa sugumuka nthawi zonse. Muyalo wofooka umaphwanyika pamene silabu yapyapyala mokwanira kuti kulemera kwa munthu kufike pansi, monga pafupi ndi mwala wobisika kapena pamene mtsetse wayamba kugwa. Anthu asanu angadutse bwinobwino, wachisanu ndi chimodzi nkuponda pamalo pomwepo. Kutsika kwa anyamata aja kudangoonetsa kuti pamene iwo adaponda sipadaphwanyike. Chimodzimodzinso dzenje la apongozi lidanena zoona, koma za pamalo pamene lidakumbidwa pokha. Mayi wogula chimanga amapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, ndipo akapeza anankafumbwe amadziwa kuti nkhokwe yonse njokayikitsa. Koma akapeza thumba limodzi labwino, sangalumbire za nkhokwe yonse. Dzenje likati ayi, mverani. Likati inde pamene zizindikiro zina zikuti ayi, mverani zizindikirozo.

Palinso muyalo wina wofooka umene sukumbidwa ndi fosholo. Mu 2004 Ian McCammon wa ku America adafalitsa zimene adapeza atasanthula ngozi zoposa 700 za m'dziko la United States. Adaona kuti ngakhale anthu ophunzira bwino za chipale amagwa m'misampha ya m'mutu mwawo: kuzolowera malo, kukakamira chimene adakonza kale, kufuna kuyamikiridwa ndi anzawo, kutsata katswiri popanda kufunsa, kulimba mtima chifukwa pali anthu ena pafupi, ndi kuthamangira chipale chosapondedwa ena asanachiponde. Nditawerenga ndidaseka ndekha, pakuti pafupifupi yonseyi idali nafe pamwamba pa chigwa chija. Msampha wanga udali ulemu. Ndidatsala pang'ono kubisa chinthu chimene ine ndekha ndidachidziwa, pofuna kusunga mwambo, pamene mwana wanga adali woti atsike wachiwiri.

Madzulo a tsiku lomwelo, ndikuvundula nsima, apongozi adabwera nadzaima pakhomo la khitchini, chinthu chimene sachitachita. Adati, "Amayi, dzenje lija ndidalikumba nditaganiza kale zotsika. Ndinkangofuna kuti lindivomereze. Mukadandiuza musanandione ndikukumba, sindikadakumba nkomwe." Ndidawayankha kuti cholakwa changa nchomwecho, kuti ndidachedwa kunena. Kuyambira tsiku limenelo, tikayenda, aliyense akaona kapena kumva kanthu amaimitsa anzake nthawi yomweyo, ndipo mawu akuti "tikaona komweko" tidawachotsa pakamwa. Chenjezo likaipitsa mbali ina ya phiri, mbali imeneyo timaifafaniza tili kunyumba, mitu ili yozizira, tisanaone kukongola kwake.

Tsono amayi anzanga, mwana wanu akadzati akupita kumapiri a chipale, musangomuletsa, pakuti adzapitabe ndipo adzaleka kukuuzani. M'malo mwake mufunseni modekha. Kodi chenjezo la lero lili pa khwerero liti, ndipo laipitsa mbali ziti? Kodi mphepo yakhala ikuchokera kuti masiku apitawa? Njira yanu idzera pamitsetse ya madigiri angati, ndipo ikakanika mubwerera iti? Kodi aliyense ali ndi kawailesi, fosholo ndi ndodo, ndipo mudayeserera liti kuzigwiritsa ntchito? Mufunsenso ngati wamng'ono kwambiri pagulu lawo angathe kunena kuti tibwerere, ena nkumumvera. Wodziwa adzakuyankhani mosavuta ndipo adzakondwa kuti mwafunsa. Amene adzakodwa ndi mafunso amenewa ayenera kuyamba wapita kukaphunzira kwa aphunzitsi ovomerezeka, pakuti zimene ndalemba panozi sizingalowe m'malo mwa maphunziro a paphiri penipeni.

Ine ndikadawatchulabe apongozi, ndipo ulemu wawo sudachepe. Chaka chatha tidakatsika chigwa chija tonse atatu, m'mwezi wa April, chenjezo lili pa 1, m'mawa chipale chikadali cholimba. Ndidagwa kawiri ndisanafike kumunsi.